Mapanga Awiri Avumbwitsa: Mawu kwa Akuluakulu a Malonda pa Mwanza

Sabata ino tikusindikiza mawu amene adayankhulidwa pamaso pa eni makampani, mamanijala, maejenti okonza mapepala a katundu ndi ogwira ntchito za boma pa Mwanza.



Ndikukuthokozani nonse chifukwa chosiya ntchito zanu ndi kubwera kudzakhala pansi pano. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mwabwera thupi lokha, pamene mtima uli ku galimoto imene yaima pa chipata, ku banki, kapena ku msonkhano wina umene ukuyamba pa ola lomwe lino. Ena mwaika lamya ziwiri kapena zitatu pa tebulo, ndipo diso limodzi lili kwa ine, lina lili pa lamyazo. Sindikukudzudzulani ayi, pakuti chimenecho ndicho chandibweretsa. Nkhani yanga lero ndi ya nthawi: m'mene munthu wa maudindo ambiri angaigwiritsire ntchito, ndi chimene dziko limataya iye akalephera kutero.

Ndiyambe ndi malo amene tili. Dziko lathu la Malawi lilibe doko la pa nyanja ya mchere. Feteleza amene mlimi amathira m'munda, mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala ndi zipangizo za m'mafakitale a ku Blantyre, zambiri mwa izi zimalowera pa chipata chino. Tiyi, fodya, shuga ndi nandolo zimatulukiranso pomwe pano. Kuchoka pano kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, kudzera pa Zalewa pamene msewu wa M6 umakumana ndi wa M1. Kutsidya kuli Zóbuè, kenaka Moatize ndi Tete, kumene galimoto zolemera zimawoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho wa Kassuende umene udatsegulidwa m'chaka cha 2014. Pa Changara msewu umagawikana: wina umaloza ku Chimoio ndi ku doko la Beira, wina ku Cuchamano ndi Nyamapanda, n'kupitirira mpaka Harare, Beitbridge, Johannesburg ndi Durban. Motero inu amene mumagwira ntchito pa Mwanza mwakhala pa khosi la chuma cha dziko lino. Khosi likatsamwa, thupi lonse limavutika.

Akuluakulu amene ali muno akukumbukira zaka za nkhondo ya ku Mozambique. Nkhondoyo isanakule, pafupifupi katundu yense wa dziko lino ankayenda pa njanji kupita ku Beira ndi ku Nacala. Pofika chaka cha 1984 njanji zonse ziwiri zidali zitaonongeka, ndipo katundu wambiri adayamba kuyenda ulendo wautali wopita ku Durban, makilomita oposa 2,000. Galimoto zinkadutsa m'chigawo cha Tete pa mdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Masiku amenewo padalibe wofunika kumuphunzitsa za kusunga nthawi. Mdipiti ukanyamuka unali wanyamuka. Amene mapepala ake sadakonzeke ankatsala, nadikira mdipiti wina, popeza kuyenda wekha kudali kudzipereka ku imfa. Mtendere udabwera pamene pangano lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mfuti zidaleka kulira. Koma funso langa ndi ili: kodi mwambo wosunga nthawi umene mantha adatiphunzitsa udapita limodzi ndi manthawo?

Amayi ndi abambo, galimoto yoima imadya ngati galimoto yoyenda. Dalaivala adya ndipo agona. Mwini galimoto awerengera tsiku limenelo ndi kulipiritsa mwini katundu. Eni makontena amapereka masiku owerengeka akuti kontena libwerere ku doko, ndipo masikuwo akadutsa amalipiritsa tsiku lililonse, osati m'makwacha koma m'madola. Banki imene idakongoza ndalama zogulira katunduyo siimitsa chiwongoladzanja chifukwa choti bwana ali ku ukwati. Feteleza akafika mvula itapita kale patsogolo, mlimi wa ku Neno wataya chaka chathunthu. Manachesi a kuno ku Mwanza, amene timanyadira nawo, sadziwa kudikira. Akachedwa kufika pa msika amaola. Tikumbukenso za mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tangoganizani munthu amene adali ndi ngongole ya madola 10,000 kunja, madolawo atapezeka ku banki, koma pepala lake lili pa tebulo kudikira dzanja la bwana. Usiku umodzi wokha ngongoleyo idachoka pa K11.8 miliyoni kufika pa K17 miliyoni. Umenewo ndiwo mtengo wa siginecha yochedwa.

Tikakumana m'magulu timakonda kudandaula kuti pa malire pamachedwetsa. Madandaulo enawo ndi oona, ndipo boma silidatseke makutu. Pa chipata pali nthambi zingapo, monga Malawi Revenue Authority, a zolowa ndi kutuluka m'dziko, apolisi, a Malawi Bureau of Standards, a zaulimi ndi a zaumoyo, ndipo iliyonse ili ndi pepala lake. Ndiye chifukwa chake maiko a m'chigawo chino adayamba njira yakuti galimoto iziima malo amodzi okha m'malo moima kawiri. Njira imeneyi idayambira pa Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, m'chaka cha 2009, ndipo pa malire athu a Mchinji ndi Mwami idatsegulidwa mu Disembala 2022. Mapepala a kasitomu lero amalembedwa pa kompyuta kudzera m'makina a ASYCUDA, kotero kuti ejenti angathe kulemba katundu galimoto isanafike n'komwe. Tsono makina akafulumira, nyumba zikamangidwa, koma galimoto n'kumagonabe pa chipata, tiloze chala kwa yani? Inu maejenti mukudziwa yankho. Kawirikawiri mumakhala mukuimba lamya kwa mwini katundu kuti alipire msonkho, kapena atumize pepala limene latsala, koma lamya ingolira osayankhidwa. Ndikunena mosabisa kuti chipata chopapatiza kuposa zonse pa msewu wa Beira nthawi zina si Mwanza kapena Zóbuè ayi, koma tebulo la bwana.

Tiyeni timuone bwino bwana ameneyu. Sinditchula dzina, chifukwa si munthu mmodzi; ali m'boma lililonse la dziko lino. Ali ndi kampani ya galimoto zonyamula katundu, sitolo ya zipangizo zomangira, nyumba yogona alendo ndi munda kumudzi. Iye yemweyo ndi wapampando wa komiti ya sukulu, msungichuma wa ku mpingo, mkulu wa timu ya mpira, nkhoswe ya maukwati anayi, ndiponso mwini mbumba. Buku la macheke lili m'thumba mwake. Chidindo cha kampani adachikhomera m'kabati, kiyi ali nayo yekha. Nambala yachinsinsi ya ku banki ili m'mutu mwake mokha. Tayala likaphulika ku Moatize, dalaivala sangagule lina mpaka bwana avomere. Munthu ameneyu si waulesi, ndipo palibe angamunene kuti sagwira ntchito. Amadzuka tambala woyamba, amagona pakati pa usiku. Vuto lake ndi lakuti wavomera zonse, ndipo chilichonse chimadikira iye. Makolo athu adamuona kale munthu wotere pamene adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Musaganize kuti matendawa ndi a ku Malawi kokha. M'chaka cha 1973 katswiri wina wa ku Canada, Henry Mintzberg, adafalitsa zimene adapeza atakhala pambali pa akuluakulu asanu a mabungwe n'kumalemba chilichonse chimene ankachita. Adapeza kuti theka la zochita zawo sizinkatha ngakhale mphindi zisanu ndi zinayi. Asanamalize ichi, kwabwera icho. M'chaka cha 2018 Michael Porter ndi Nitin Nohria a ku Harvard adafalitsa kafukufuku wa akuluakulu 27 a makampani akuluakulu, amene adawatsatira kwa masabata 13. Adapeza kuti ankagwira ntchito maola 62.5 pa sabata, ndipo 72 peresenti ya nthawi imeneyo inkathera m'misonkhano. Anthu amenewa ali ndi alembi, othandiza ndi makina amtundu uliwonse, koma nawonso nthawi imawathawa. Nanga kuli bwanji ife amene magetsi amatithimira, intaneti imatidukira, ndipo abale amatidikira pakhomo m'mawa uliwonse? Ife ndiye tiyenera kusamala koposa. Ndili ndi mfundo zisanu zimene ndikufuna kukusiyirani.

Mfundo yoyamba: werengani nthawi yanu monga muwerengera ndalama zanu. Palibe mmodzi wa inu amene angalole kalaliki kutulutsa ndalama m'kabati popanda kulemba. Koma maola amatuluka tsiku ndi tsiku popanda lisiti. Sabata ili ndi maola 168, kwa nduna ndi kwa mlonda chimodzimodzi, ndipo palibe banki imene imakongoza ola. Peter Drucker, m'buku lake la 1967 lonena za mtsogoleri wogwira ntchito yooneka, adalangiza kuti munthu asayambe ndi kukonza mapulani, koma ayambe wadziwa kumene nthawi yake ikupita. Gulani kabuku kakang'ono. Kwa masabata awiri lembani chimene mwachita ola lililonse, moona mtima, popanda kudzikometsera. Pomaliza muwerengere: maola angati mwathera pa msewu wa Blantyre, angati pa mzere wa ku banki, angati pa lamya, angati kudikira msonkhano kuti uyambe, ndi angati pa ntchito imene imabweretsadi ndalama. Kenaka pa mzere uliwonse mudzifunse mafunso awiri. Kodi chinthu ichi chikadapanda kuchitika, chikadaonongeka n'chiyani? Kodi padalibe munthu wina amene akadachichita? Ambiri mudzadabwa kuona kuti ulendo wa makilomita 200, kupita ndi kubwera, mudauyenda chifukwa cha pepala limodzi limene mthenga akadanyamula.

Mfundo yachiwiri: siyanitsani chinthu chofuula ndi chinthu chofunika. Dwight Eisenhower, amene adatsogolera asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nakhalanso pulezidenti wa Amereka, adakumbutsa anthu m'chaka cha 1954 kuti mavuto ofuna changu ndi mavuto ofunika kwenikweni kawirikawiri sakhala amodzi. Lamya imafuula. Mlendo amene wakhala pa mpando mu ofesi amafuula ngakhale ali chete. Koma inshuwalansi ya galimoto imene ikutha mwezi wamawa siifuula. Chiphaso cha dalaivala, chilolezo choitanitsira katundu, kukonzetsa mabuleki, kuphunzitsa kalaliki watsopano, kukhala pansi ndi wowerengera ndalama: zonsezi zimakhala duu mpaka tsiku limene galimoto idzabwezedwa pa chipata. Pamenepo chofunika chija chasanduka moto, ndipo bwana athamanga usiku kukazima moto umene adausonkha yekha. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Patulani maola awiri oyamba a m'mawa, mutu ukadali wozizira, kuti akhale a ntchito zosafuulazi. Tsekani chitseko, perekani lamya kwa mlembi. Dziko silidzatha pa maola awiri.

Pa mfundo yomweyi, yang'anani kalendala ya chaka chonse. Ntchito ya pa malire ili ndi nyengo zake ngati ulimi. Feteleza ayenera kukhala m'dziko mvula ya Novembala isanagwe. Misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo, galimoto zimasowa. Mwezi wa Disembala abale athu a ku South Africa amabwera ndi mabasi odzaza, ndipo chipata chimathina. Miyezi ya mvula yambiri imabweretsa namondwe: Idai adaononga Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy adakokolola misewu ndi milatho ya m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023. Kumapeto kwa chaka cha 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zidaimitsa galimoto zambiri. Zinthu zotere palibe manijala angaziletse. Koma amene kalendala yake ndi yodzaza mpaka pakamwa alibe pothawira zikachitika. Siyani mpata m'sabata mwanu, monga mayi wanzeru asiya ufa pang'ono m'dengu chifukwa cha mlendo wobwera usiku.

Mfundo yachitatu, imene ndikuiona kuti ndiyo yaikulu pa zonse: gawirani ena mphamvu, osati ntchito yokha. Ambiri mumati muli ndi manijala, koma manijala amene sangagule tayala popanda kukuimbirani si manijala, ndi mthenga wovala tayi. Amene mumawerenga Baibulo mukudziwa nkhani ya m'buku la Eksodo, mutu 18. Mose ankaweruza milandu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu ali chilili kumudikira. Mpongozi wake Yetero atamuona adamuchenjeza kuti adzatopa iye pamodzi ndi anthuwo, namulangiza kusankha anthu okhulupirika oyang'anira zikwi, mazana, makumi asanu ndi makumi, kuti kwa iye kuzifika milandu yovuta yokha. Taonani kuti Yetero sadadere nkhawa Mose yekha, koma ndi anthu a pa mzere omwe. Ngati munthu wonga Mose adafunika kugawa ntchito, nanga mwini galimoto khumi ndi ndani? Mutu umodzi susenza denga.

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima: ndikapereka mphamvu andibera. Mantha amenewa si opanda pake, ndipo ena muno adalumidwapo. Koma mankhwala a kuba si kusunga kiyi m'thumba. Mankhwala ake ndi dongosolo. Lembani pa pepala kuti manijala angavomereze ndalama mpaka pakuti popanda kufunsa, ndipo zopitirira pamenepo zibwere kwa inu. Ku banki kukhale anthu awiri osaina, wina wokonza malipiro, wina wovomereza. Amene amagula katundu asakhale yemweyo wosunga mabuku. Lachisanu lililonse mulandire lipoti la tsamba limodzi: galimoto zili pati, zalowa zingati, zatuluka zingati, ngongole zatsala ziti. Kamodzi pa chaka munthu wakunja adzafufuze mabuku. Mukatero mudzaona zambiri kuposa zimene mukuona lero, popeza munthu wothamanga saona pansi. Ndipo wachinyamata amene mwamupatsa udindo akalakwitsa koyamba, musamulande udindowo pomwepo; mukonzeni. Ana athu akutuluka m'makoleji ndi maphunziro a zamalonda ndi zowerengera ndalama. N'zomvetsa chisoni kuwalemba ntchito n'kumawatuma kukagula mayunitsi.

Mfundo yachinayi: phunzirani kukana mwaulemu. Ife Amalawi tidaleredwa kuti kukana pempho la munthu n'kudzikuza, ndipo ulemu umenewu ndi chuma chathu. Koma taganizani: kodi ulemu weniweni uli pati, kuvomera upampando wa komiti n'kumalephera kufika ku misonkhano yake, kapena kunena poyera kuti chaka chino manja adzaza, sankhani wina? Komiti ya sukulu imene wapampando wake sapezeka imaima ngati galimoto ija ya pa chipata, ndipo ana amaphunzirabe pansi pa mtengo. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani udindo umodzi kapena iwiri ya m'dera imene mungaigwire ndi mtima wonse, ina yonseyo muisiyire anzanu. Za maliro ndiyankhula mosamala. Maliro n'kulirana, ndipo sindingauze munthu kuti asakaike m'bale wake kapena mnansi wake chifukwa cha malonda. Ndalama sizidzanyamula bokosi lanu. Chimene ndikunena n'chakuti bwana akapita ku maliro, kampani isapite nawo ku maliro. Asiye munthu wokhala ndi mphamvu yosaina, kuti iye akalire ndi mtima umodzi, osati kumatuluka m'siwa mphindi iliyonse kukayankha lamya kuseri kwa nyumba.

Mfundo yachisanu ndi ya misonkhano. M'chaka cha 1955 C. Northcote Parkinson wa ku Britain adaonetsa kuti ntchito imatambasuka mpaka kudzaza nthawi yonse imene mwaipatsa. Msonkhano umene simudaupatse ola lothera udzatha pamene njala yawawa. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Anthu 20 akaitanidwa nthawi ya 9 koloko, msonkhano n'kuyamba 10 koloko chifukwa chodikira munthu mmodzi, sikuti patayika ola limodzi ayi. Patayika maola 20, amene ndi masiku awiri ndi theka a ntchito ya munthu. Madzi akatayika saoleka. Musanaitanitse msonkhano dzifunseni ngati nkhaniyo singathe ndi kalata kapena lamya. Ngati msonkhano ukufunikadi, mitu yake ilembedwe ndi kutumizidwa pasadakhale, aitanidwe okhawo amene nkhaniyo ikuwakhudza, uyambe pa nthawi yake ngakhale mipando ina ili yopanda anthu, ndipo potseka padziwike kuti wakuti achita chakuti pofika tsiku lakuti. Msonkhano umene chomaliza chake ndi kupangana tsiku la msonkhano wina ndi kucheza chabe.

Tsopano nditembenukire kwa ife ogwira ntchito za boma ndi atsogoleri a m'madera, chifukwa nkhaniyi si ya amalonda okha. Nthawi ya munthu wamalonda ili ndi anthu ambiri oidya, ndipo ena mwa iwo ali m'maofesi. Tikakhala ndi mwambo uliwonse, dzina loyamba kulembedwa pa mndandanda wa alendo olemekezeka ndi la munthu yemwe uja, chifukwa tikudziwa kuti apereka kangachepe. Timamuitana 8 koloko, mwambo n'kuyamba masana. Tiyeni timupemphe chithandizo chake poyera, ndi kumulola kutumiza womuimira popanda kumuona ngati wonyoza. M'maofesi namonso, mkulu akapita ku maphunziro a sabata yathunthu ku Mangochi kapena ku Salima, asiye womugwirizira amene ali ndi chidindo ndi mphamvu. Mawu akuti bwana kulibe, mubwere mawa, asamamveke mu ofesi ya boma, makamaka pa malire. Munthu amene mwamubweza wachokera kutali, ndipo msonkho umene akadalipira lero ndiwo ugula mankhwala pa chipatala cha boma pano pa Mwanza.

Pali chinanso chimene tiyenera kuchitchula dzina lake. Kuchedwa ndiye mayi wa ziphuphu. Wamalonda amene wakonza mapepala ake nthawi ikadalipo sachita mantha ndi munthu aliyense. Amaima pa mzere mutu uli m'mwamba. Koma amene wafika pa chipata ndi chilolezo chotha ntchito, katundu akuola, wogula akuopseza, ndiye amayamba kunong'ona ndi kupisa m'thumba. Nayenso wogwira ntchito za boma amene amachedwetsa pepala dala akuitana chinthu chomwecho. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Choncho kusunga nthawi si nkhani ya phindu lokha, komanso ya kusunga dzina lanu ndi ufulu wanu.

Ndisanakhale pansi ndinene za thupi ndi banja. M'chaka cha 2021 mabungwe a World Health Organization ndi International Labour Organization adalengeza kuti munthu wogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata ali pa chiopsezo chachikulu cha matenda opha ziwalo ndi 35 peresenti, ndi cha kufa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti, pomuyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Adawerengera kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu 745,000 pa dziko lonse adamwalira pa chifukwa chimenechi. Lamulo lathu la za ntchito la chaka cha 2000 lidaika maola 48 pa sabata ngati malire a wantchito. Inu mabwana lamulo silikulonderani, koma mtima wanu ndi wa mnofu ngati wa wantchito wanu. Kumbukiraninso madalaivala. Bwana akachedwetsa galimoto masiku awiri, kenaka n'kulamula dalaivala kuyenda usiku wonse kuti abweze nthawiyo, ndiye kuti watuma mwana wa mwini kukalipira ngongole ya bwana ndi moyo wake. Ndipo kunyumba kuli ana amene akukula akuona bambo kapena mayi wawo pa chithunzi chokha. Tonse taonapo makampani amene adali ndi galimoto zambiri pa msewu uno, koma mwini wake atangomwalira zonse zidathera pa mawe, chifukwa padalibe mkazi, mwana kapena manijala amene adadziwa m'mene zinthu zinkayendera. Kampani imene singayende sabata imodzi popanda mwini wake idzalowa naye m'manda.

Wapampando, pomaliza ndikupempha zinthu zitatu zokha, zimene aliyense angayambe Lolemba likudzali popanda kudikira thandizo lochokera kunja. Choyamba, yambani kulemba m'kabuku kaja. Chachiwiri, sankhani munthu mmodzi pa ntchito panu, mumulembere kalata yomupatsa mphamvu yosaina inu kulibe, ndipo muidziwitse banki ndi ejenti wanu. Chachitatu, yang'anani maudindo anu onse, mutulepo umodzi mwaulemu, ndi kuthandiza amene alowe m'malo mwanu. Inu a m'maofesi a boma, msonkhano woyamba umene muitanitse mwezi uno uyambe pa mphindi imene mwalemba pa kalata. Tikachita zimenezi, galimoto zidzagona masiku ochepa pa chipata, feteleza adzafika kwa mlimi pa nyengo yake, ndipo mitengo ya zinthu m'sitolo siidzasenza mtolo wa kuchedwa kwathu. Chitukuko cha dziko chimafuna misewu, milatho ndi nyumba zabwino za pa malire, koma chimafunanso anthu amene akati 9 koloko akutanthauza 9 koloko.

Mudandipatsa mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo sindifuna kubapo ngakhale imodzi.